Kukoloweka zithunzi ndi zaluso m'nyumba za kuno ku Mulanje, chinyezi osaziwononga

Sipatha sabata osalandira funso limeneli. Wina amandiimitsa pamsika wa Chitakale, wina amatumiza uthenga pa WhatsApp usiku: "Achimwene, chithunzi cha ukwati chija chatuluka mawanga akuda m'mbalimu, kodi galasi munaika lija linali labwinobwino?" Winanso akuti msomali wazuka ndi pulasitala yemwe, felemu yagwa, galasi langoti phwaa pansi. Ndakhala ndikupala matabwa ndi kukonza mafelemu kuno kwa zaka zambiri, ndipo yankho langa silisintha. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomulozera pano.

Galasi silikhala ndi mlandu. Nkhani ili pakhoma. Kuno ku Mulanje ndi kwa anansi athu ku Thyolo, mvula yomwe imabiriwitsa minda ya tiyi ndi yomweyonso imalowa m'makoma athu; paja walira mvula walira matope. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu okhala m'nyumba zouma. Amakamba za mitundu yogwirizana ndi mipando, koma sanenapo kanthu za khoma la njerwa zomangira dothi m'mwezi wa Julayi.

Ine ndinaphunzira ndi misozi. Kwathu kunali chithunzi chimodzi chokha cha anganga anga, mayi awo a amayi, chomwe anajambulitsa ku Limbe ali mtsikana, atavala chilundu ndi duku, dzanja limodzi lili pampando. Chinkakhala pabalaza, pakhoma loyang'ana kummwera, felemu itagunda khoma kuti gwa. Chaka china nyengo ya chiperoni itatha ndinachitsitsa kuti ndipukute fumbi. Katoni wakumbuyo anali wofewa ngati buledi woviikidwa m'tiyi, ndipo pepala linali litamatirira kugalasi. Ndinakoka. Theka la nkhope yawo linatsalira pagalasi, theka lina papepala. Amayi sanandikalipire. Anangotenga galasilo, n'kulikulunga m'chitenje, n'kuliika pansi pa sutikesi, ndipo lili momwemo mpaka lero. Zonse ndalemba pansipa zinayambira pamenepo.

1. Tsitsani zonse, muziyale pamkeka

Chotsani chilichonse chili pakhoma panopa: makalendala a zaka zapitazo, maluwa apulasitiki, masatifiketi, wotchi yomwe inaima kalekale. Tulutsaninso zomwe munabisa m'sutikesi ndi kuseri kwa kabati. Yalani mkeka pakhonde, muziike zonse pamenepo, muzione pamodzi dzuwa likuwala.

Ambiri amandiuza kuti, "Ife zaluso tilibe," poganiza kuti zaluso ndi zojambula zapenti zokha zomwe alendo okwera phiri amagula. Koma lichero lolukidwa bwino ndi luso. Nsengwa ndi luso. Chipande chomwe anasema agogo, dengu lothyolera tiyi lomwe bambo anapuma nalo ntchito kuesiteti, chitenje cha Mulhako wa Alhomwe chomwe munavala ku Chonde, chojambula cha mwana wanu wa Sitandade 3 chosonyeza phiri ndi dzuwa pamwamba pake, zonsezi n'zoyenera pakhoma. Ndinapezapo kang'oma ka tchopa kali pansi pa bedi pamodzi ndi nsapato zakutha, chikhalirecho gule ameneyu bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa zikhalidwe zofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2014. Zinandiwawa.

Mukayala, sankhani zochepa. Pakhoma limodzi pakhale chinthu chimodzi chachikulu chokoka maso, ndi zing'onozing'ono zitatu kapena zinayi zochiperekeza. Zotsalazo sungani pouma, mudzasinthanitsa chaka chamawa. Khoma lodzaza mpaka kudenga limaoneka ngati la golosale, ndipo mlendo saona chilichonse.

Ngati mukufuna kugula zatsopano, anyamata ojambula ndi osema alipo pa Likhubula ndi m'mbali mwa msewu, ndipo ena amalijambula phiri la Chambe mochititsa kaso. Aguleni, ndi ana athu. Chokhacho ndikupemphani: wina akakusonyezani kabokosi konunkhira kapena felemu ya mkungudza watsopano, pitirirani. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndipo lero ikuluikulu yake yatha m'phirimo chifukwa cha macheka. Ngati muli ndi kabokosi kakale ka makolo, kasamaleni. Felemu yatsopano ikhale ya paini wouma bwino, malaina kapena mbawa.

2. Dziwani khoma lomwe limamwa madzi

Musanagwire hamala, fufuzani makoma anu. Kuno chinyezi chimalowa m'njira zitatu, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Njira yoyamba ndi mvula yowomba khoma kunja. Chiperoni, kamvula kowaza kaja kobwera ndi nkhungu ndi chisanu kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, chimachokera kummwera chakum'mawa, mbali ya ku Mozambique komwe kuli phiri la Chiperone lomwe linapereka dzinali. Miyezi yomweyo dzuwa limadutsa chakumpoto, kotero khoma loyang'ana kummwera limanyowa osaona dzuwa loliumitsa. Anzathu a ku Limbuli, Muloza ndi m'mbali mwa mtsinje wa Ruo amazidziwa izi kuposa a ku Phalombe, omwe phiri limawatchinga.

Yachiwiri ndi madzi okwera kuchokera pansi, makamaka m'nyumba yomwe anamanga osayala pepala lapulasitiki lija amisiri amati DPC pamwamba pa maziko. Mudzaona penti akusupuka m'munsi mwa khoma, ndi kaufa koyera ngati mchere kufika cha m'chiuno.

Yachitatu ndi thukuta la khoma. Kukazizira timatseka mawindo onse, anthu akupuma, madzi osamba akuwira, zovala tayanika m'nyumba momwemo poti kunja kukuwaza. Mpweya wonyowawo ukakhudza khoma lozizira umasanduka timadontho, ndipo timabisala kuseri kwa felemu komwe mphepo sifika. M'pamene pamamera chuku, nkhungu yakuda kapena yobiriwira ija yonunkha ngati m'nkhokwe yodontha.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Dulani pulasitiki yokhuthala kukula ngati tsamba la kope, muimate pakhoma ndi selotepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, muisiye masiku atatu. Mukapeza madontho kunsi kwake, mbali yogunda khoma, ndiye kuti khomalo likutulutsa madzi: musaikepo pepala, nsalu kapena chithunzi mpaka mutakonza kunja, kaya ndi pulasitala, kaya ndi ngalande, kaya kuwonjezera malata kuti denga litulukire. Madontho akakhala kunja, mbali yoyang'ana m'chipinda, limenelo ndi thukuta. Muzitsegula mawindo masana, ndipo mutha kukoloweka bola mutsate mfundo yachinayi. Ikakhala youma mbali zonse, mwapeza khoma lanu. Kuyezaku chitani nthawi ya dzinja kapena ya chiperoni. Mu Okutobala khoma lililonse limaoneka labwino.

Kawirikawiri khoma lopambana limakhala lamkati, logawa zipinda, bola kuseri kwake kusakhale bafa. Ndipo ngati mwangopaka kumene pulasitala, dekhani. Namondwe wa Freddy atatigwetsera nyumba mu Malichi 2023, ndinaona anthu akubwezera zithunzi zomwe anapulumutsa m'matope pa pulasitala wa sabata ziwiri, n'kuzitayanso kachiwiri. Pulasitala amauma kunja msanga koma mkati amasunga madzi miyezi. Dikirani miyezi iwiri kapena itatu, muyeze ndi pulasitiki ija, kenako mukhome. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

3. Thawani dzuwa ndi utsi

Apa sindichedwapo. Malo omwe dzuwa limawomba mwachindunji, makamaka la masana lolowera pawindo la kumadzulo, amafufutitsa chitenje ndi chithunzi m'chaka chimodzi. Mtundu wofiira ndiwo umayamba kuthawa. Khoma loyandikira kukhitchini, kapena pomwe mumaika mbaula pootha mu Juni, limapaka mwaye ndi mafuta pa chilichonse. Pamenepo ikani zotsukika, monga mbale zadothi kapena chipande. Chinthu chagalasi kapena cholemera chisakhale pamwamba pa bedi, makamaka la ana, ngakhalenso pafupi ndi chitseko chomwe mphepo imachimenyetsa.

4. Konzani kumbuyo kwa felemu

Kutsogolo n'kwa alendo, koma moyo wa chithunzi uli kumbuyo.

Ngati chithunzicho n'chakale ndipo n'chimodzi chokha, musachikoloweke n'komwe. Pitani nacho kusitudiyo pa boma kapena ku Limbe, akachijambule pa makina, mutsukitse china. Chotsukitsacho ndicho chipite pakhoma. Chenichenicho chikhale mu envelopu yoyera, m'bokosi, pamalo okwera ndi ouma. Ndipo chonde musachilaminete. Kulamineta, kumata pepala m'pulasitiki ndi makina otentha kuja, sikubwezeka. Chinyezi chikapeza polowera m'mphepete chimatsekeredwa momwemo, ndipo simungachichotsenso osang'amba. Laminetani kope, osati chenicheni. Chimodzimodzi satifiketi ya MSCE.

Chithunzi chisagunde galasi. Dulani pepala lolimba loyera ngati lija la manila, muboole pakati ngati windo locheperako pang'ono kuposa chithunzi, muliike pakati pa galasi ndi chithunzicho. Mukaphatikiza awiri kapena atatu m'pabwino koposa. Kampata kameneko ndi komwe kakanapulumutsa nkhope ya anganga anga, komanso mkombero woyerawo umachititsa ngakhale chojambula cha mwana cha makirayoni kuoneka chaulemu.

Chotsekera kumbuyo chisakhale katoni wa mabokosi a sopo wotola kugolosale. Amamwa madzi ngati siponji, amasiya chikasu papepala, ndipo mphemvu zimamukonda. Ikani hadibodi yopaka vanishi mbali zonse ndi m'mphepete momwe, yoti yauma bwino, ndipo pakati pa iyo ndi chithunzi pakhale pepala loyera.

Tsopano chinsinsi chomwe sichidya ndalama. Tengani patapata wakutha, mumutsuke, mudule tizidutswa tinayi tokula ngati chitsekerero cha botolo la Fanta, mutimate ndi guluu m'makona anayi kumbuyo kwa felemu. Felemu imatalikira khoma ndi pafupifupi sentimita imodzi, mphepo imadutsa kuseri, thukuta la khoma silifika pathabwa, ndipo felemu siyendayenda chitseko chikamenya. Makolo athu ankamangirira zithunzi chopendekera kutsogolo, mutu utatalikira khoma. Tinkaona ngati n'chikale, koma ankadziwa chimene ankachita: mpweya unkadutsa.

Chingwe chokolowekera chikhale waya wosachita dzimbiri kapena chingwe cha nayiloni. Cha thonje kapena cha khonje chimaola mwakachetechete, n'kudzaduka usiku wina.

5. Tsitsani, mwakweza kwambiri

M'nyumba khumi zomwe ndimalowa, zisanu ndi zinayi zithunzi zimakhala kufupi ndi denga, moti kuti uone nkhope za akwati uyenera kuweramutsa khosi ngati ukuyang'ana Sapitwa. Ndikudziwa chifukwa chake: tinkaopa ana, komanso pamwamba pa khoma m'pomwe panali thabwa losavuta kukhomapo. Koma kumeneko n'kotentha ndi malata masana, kodontha thukuta la malata m'mawa, ndiponso kwa akangaude.

Pakati pa chithunzi pakhale masentimita 145 mpaka 150 kuchokera pansi, pomwe maso a munthu woimirira amafika. Mukadzapita ku Blantyre, kalowereni ku Mandala House, nyumba yakale ija ya mu 1882 momwe amaonetsamo zojambula, mukaone kutsika kwake. Pabalaza pomwe anthu amakhala pansi nthawi zambiri mutha kutsitsanso pang'ono. Pamwamba pa sofa siyani mpata wa chikhatho chimodzi chotambasula, masentimita ngati 20, kuti mutu wa mlendo usagunde.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: 150 ndi pakati pa chithunzi, osati pa msomali. Tiyerekeze felemu yanu ndi yotalika masentimita 60. Theka lake ndi 30, ndiye mutu wa felemu ufika pa 180. Tsopano kokani waya wakumbuyo ndi chala ngati wakoloweka kale, muyeze kuchokera pamenepo kufika pamutu wa felemu. Tinene mwapeza 8. Chotsani 8 pa 180. Msomali ukhale pa 172. Lembani ndi pensulo.

Ngati zili zingapo, musakhome mongoyerekeza. Dulani nyuzipepala zakale molingana ndi kukula kwa chinthu chilichonse, muzimate pakhoma ndi selotepi pang'ono, mubwerere pakhomo, muone monga aonera mlendo akamalowa. Sunthani mpaka mtima utakhazikika. Chachikulu chikhale chapakati, zinazo zichizungulire, mpata pakati pake zala zitatu. Zikatalikirana kwambiri zimaoneka ngati zakangana. Lembani malo a msomali panyuzipepala pomwepo, mukhome, kenako mung'ambe pepalalo. Ngati mulibe levulo, botolo loonekera mkati lokhala ndi madzi theka, logonekedwa pamutu pa felemu, likuuzani mbali yomwe yatsika.

6. Kukhoma msomali

Apa m'pomwe malangizo ambiri amangoti "khomani msomali" n'kudutsa, chikhalirecho m'pomwe makoma ambiri amawonongekera. Msomali umodzimodzi sugwira makoma onse.

Choyamba, moyo wanu. M'nyumba ya magetsi mawaya amayenda m'mapaipi obisika m'pulasitala, ndipo kawirikawiri amakwera molunjika kuchokera pa swichi ndi pa soketi kupita kudenga. Musakhome pamzere umenewo; tayani chikhatho chimodzi uku ndi uku. Khoma lomwe kuseri kwake kuli bafa kapena sinki lingakhalenso ndi paipi ya madzi.

Chachiwiri, yezani kulemera. Ine ndimayerekeza ndi mapaketi a shuga a kilogalamu imodzi. Chosaposa mapaketi awiri, msomali umodzi ukwana. Kufika asanu, misomali iwiri yotalikirana. Choposa pamenepo, monga kalilole wamkulu kapena chosema cha mbawa, msomali usiyeni, mugwiritse chikhomo chomwe ndifotokoze pansipa.

Chachitatu, gogodani khoma ndi chogwirira cha mpeni pamalo mwalembapo. Likalira ngati chigubu chopanda madzi, pulasitala wasiyana ndi njerwa. Mukakhoma pamenepo agwa chigamba chonse. Sunthirani pomwe pakumveka polimba, ngakhale zitasokoneza masanjidwe anu pang'ono.

Tsopano mtundu wa khoma.

Njerwa zootcha zomangira dothi, kunja pulasitala wa simenti. Ndizo nyumba zambiri kuno. Khungu lake ndi lolimba, mkati mofewa. Gulani misomali ya konkire, yachitsulo cholimba ija, ya mainchesi awiri kapena awiri ndi theka. Msomali wamba wa matabwa umapindika usanaboole pulasitala. Matani selotepi mopingasa pamalopo kuti pulasitala asathetheke. Gwirani msomali ndi pulayala, osati zala, mutu wake utakwera m'mwamba pang'ono kuti ulowe chotsetsereka. Ukalowa chowongoka, kulemera kumautsitsa pang'onopang'ono mpaka waya n'kupulumuka. Menyani pang'onopang'ono, kambirimbiri, ngati mukugogoda pakhomo pa apongozi. Kumenya kwamphamvu n'komwe kumaswa pulasitala, komanso msomali wa konkire supindika, umathyoka n'kuuluka, ndiye tetezani maso ndipo ana atalikire. Mukamva kuti wangolowa phoo mosavuta, mwagwera m'dothi la pakati pa njerwa: uzuleni, mukwere kapena kutsika zala ziwiri kuti mupeze njerwa yeniyeni.

Mabuloko a simenti. Achuluka masiku ano, makamaka kuchokera pomwe boma linayamba kuletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo. Buloko ili ndi mphako mkati; msomali ukaboola khungu lake umalendewera m'mphakomo n'kumagwedera. Apa funani mzere wa simenti wolumikiza mabuloko, womwe nthawi zambiri umaonekera pang'ono pansi pa penti dzuwa likawomba cham'mbali. Kupanda apo bwerekani makina oboolera kwa mmisiri, muike pulagi yapulasitiki ndi sikuluwu.

Zidina, njerwa zosaotcha zija, kapena khoma lozira ndi dothi. Msomali sugwira, ungofukula dzenje lomwe limakulirakulira. Semani chikhomo cha mtengo wolimba chotalika ngati chikhatho, chosongoka, muchikhome chotsetsereka mpaka patsale kansonga kokolowekapo. Chimanyamula lichero, nsengwa ndi kafelemu kopepuka. Zolemera zilendewere kuchokera kumitengo ya denga, monga ndifotokozere pa mfundo yachisanu ndi chitatu.

Chikhomo cha zolemera pakhoma la njerwa chimapangidwa motere. Boolani dzenje lakuya masentimita 5 kapena 6 m'njerwa yeniyeni, lokula ngati chala chaching'ono. Popanda makina, msomali waukulu wa konkire umaboola: menyani, tembenuzani ndi pulayala, menyaninso, kutulutsa fumbi. Uzirani fumbi lonse lituluke, maso mutatsinzina. Semani kamtengo kokulirapo pang'ono kuposa dzenjelo, mukakhomere mpaka kathine, mudule kotsala kuti kafanane ndi khoma, kenako mulowetse sikuluwu pakati pake. Sikuluwuyo amatambasula mtengo n'kuukanikizira kunjerwa. Chenjezo lalikulu: mtengowo ukhale wouma kwenikweni, monga chidutswa cha mpando wakale. Mukasema wauwisi mu Febuluwale ugwira bwino, koma pofika Okutobala udzakhala utanyala, ndipo kalilole wanu adzatsika nawo.

Mukaphonya n'kusiya dzenje, musalisiye kuti mphemvu zipezepo nyumba. Nyowetsani, mutseke ndi simenti pang'ono yosakaniza ndi mchenga wosefa, muyembekeze sabata musanakhome pafupi.

7. Zopanda felemu

Chitenje musachikhome ndi misomali m'makona. Chimakhwefuka pakati, ndipo dzimbiri la msomali limadontha pansalu osachokanso. Yambani mwachichapa kuti sitachi wa kufakitale achoke, poti ndiye chakudya cha njenjete ndi chuku, muchisite. Kenako atelala akupindireni mpendero wotakata m'mwamba ndi m'munsi, woti nsungwi ilowe. Ya m'mwamba imanyamula, ya m'munsi imakoka nsalu kuti iwongoke. Simuyenera kuonetsa mamita awiri onse. Pindani kuti duwa kapena chizindikiro chomwe mumachikonda chikhale pakati.

Nsungwi yake ikhale yokhwima, yodula nthawi yachilimwe. Iviikeni m'madzi sabata zitatu kapena zinayi, muiumitse pamthunzi. Madzi amachotsa kutsekemera komwe tizilombo tofumbwitsa timatsata. Mukaona kaufa kachikasu pansi pa nsungwi kapena pansi pa lichero, dziwani kuti zafumbwa. Lichero kapena dengu lotere likulungeni m'pulasitiki yakuda, mumange, muliike padzuwa la mu Okutobala tsiku lonse, mawa lakenso. Chosema musachitero, chimang'aluka.

Malichero amakongola akakhala gulu, atatu kapena asanu osiyana kukula, m'mphepete mwake mukugundana pang'ono. Lowetsani kawaya kopyapyala m'maluko a kumbuyo, mupange kakhutu kokolowekera, msomali ubisike. Iwowa saopa chinyezi ngati pepala, koma tizidutswa ta patapata tija tiwathandizanso.

Chojambula chapenti chapansalu, ngati mwagula chopinda, musachipinde ngati kalata. Chikulungeni penti ali kunja, apo ayi amathetheka. Kalipentala akupangireni felemu yamkati, muchikokerepo kuyambira pakati pa mbali imodzi, kenako pakati pa mbali yoyang'anizana nayo, mukumapita kumakona pomaliza. Choterechi sichifuna galasi.

Zosema, mbiya ndi timitsuko zimafuna shelefu, osati kuunjikidwa m'kabati ya magalasi pamodzi ndi makapu a alendo. Thabwa limodzi lopala bwino, pa zikhomo ziwiri, zinthu zitatu zosiyana msinkhu, basi. Mtsuko wa pansi pozungulira ukhale pa nkhata. Chosema chachikulu choimika pansi chikhale pa njerwa yootcha kapena kathabwa kokwera, chitatalikira khoma, chifukwa chiswe cha kuno sichipempha chilolezo. Pochipukuta, nsalu youma ndi polishi wopanda mtundu pang'ono, madzi ayi.

8. Ngati nyumba ndi ya lendi kapena ya kampani

Aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'maesiteti amandifunsa kwambiri izi, poti eni nyumba safuna mabowo. Yang'anani kaye m'mwamba: nyumba zina zakale za m'maesiteti ndi za mishoni zili ndi kathabwa kopingasa kozungulira chipinda chonse pansi pa siling'i. Anakaikira ntchito yomweyi. Kolowekani tingowe pamenepo, mutsitse nayiloni mpaka chithunzi chifike pa 150.

Ngati kulibe, ndipo nyumba ilibe siling'i, mangirirani nsungwi yaitali kumitengo ya denga ndi waya mbali ziwiri, igone m'mbali mwa khoma, zonse zilendewere kuchokera pamenepo. Ngati ili ndi siling'i, pemphani eni nyumba mabowo awiri okha a thabwa limodzi lalitali. Ambiri amalola mukawauza kuti mudzalisiya posamuka. Felemu yaikulu itha kungokhala pamwamba pa kabati, itatsamira khoma, kapatapata kali kumbuyo. Zomata za m'sitolo zija zoti n'zosafuna msomali sindizikhulupirira kuno: pa laimu sizigwira, ndipo pa penti zimasiya m'nyengo ya chinyezi.

9. Muzizitsitsa kawiri pachaka

Mu Epulo mvula ikamatha, ndi kumapeto kwa Ogasiti chiperoni chikapita, tsitsani chilichonse. Sankhani tsiku louma. Yang'anani kumbuyo, nunkhizani, gwedezani msomali ndi chala, kokani waya. Ziikeni pakhonde pamthunzi podutsa mphepo kwa maola angapo, osati padzuwa.

Mukapeza chuku pakhoma, tsukani ndi Jik wothira madzi ambiri, mawindo ali otsegula, osasakaniza ndi mankhwala ena aliwonse, ndipo khoma liume masiku angapo musanabwezere. Chikakhala pafelemu kapena pagalasi, pukutani ndi sipiriti, chithunzi mutachichotsamo. Chikakhala pachojambula chenichenicho kapena pansalu yapenti, musathirepo kanthu: chiume kaye pamthunzi, kenako muchisese ndi kaburashi kofewa muli panja, mphuno mutatseka ndi nsalu. Mawanga ena sachoka, koma amaleka kufalikira.

Ndipo mukapeza kuti chithunzi chamatirira kale kugalasi, musakoke, ngakhale pakona pokha. Musachiviikenso m'madzi kapena kuchiyanika padzuwa. Chotsani felemu yokha, galasi ndi chithunzi zikhale chigwirizanire. Pukutani kunja kwa galasi, mupite nacho pamthunzi powala bwino, muchijambule ndi foni kangapo mutazimitsa fulashi, mukusuntha pang'ono mpaka chithunzithunzi chanu chisaonekemo. Kenako pitani nacho kusitudiyo ndi galasi lomwelo, akachijambule pa makina chili choncho, mutsukitse ziwiri, china mupatse mlongo wanu wokhala kouma. Galasi lenilenilo likulungeni m'nsalu youma, mulisunge chogoneka, pomwe palibe choliponderezapo.